Pa Kavalo wa Bwana, Moto Uli Kumbuyo

Ndinakwatiwa ndili mtsikana wa zaka zosakwana makumi awiri, m'zaka zija dziko lino likadali m'manja mwa azungu, Chipata tikumutcha Jemusoni. Kwathu ndi ku Zemba. Mwa mwambo wathu mwamuna ndiye amabwera kudzamanga kwa mkazi, koma amuna anga anali pa ntchito ya boma, ya ulonda wa nkhalango, ndipo pachikamwini sakanakhala. Atsibweni anakana kawiri, kachitatu analola chitengwa. Ndinanyamula mphasa, dengu ndi miphika iwiri n'kuwatsata amuna anga kumapiri a kufupi ndi malire a Apwitikizi, ulendo wa tsiku lathunthu wapansi.

Kumeneko kunalibe mudzi. Kunali nyumba zitatu za alonda m'mphepete mwa nkhalango, chitsime chimodzi, ndi khola la mitengo mmene munkagona kavalo. Kavaloyo anali wa bwana, mzungu woyang'anira nkhalango, amene ankakhala ku Jemusoni n'kumabwera mwezi ndi mwezi kudzazungulira malire atakwera pamsana pake. Omusamala anali mkulu wina wa imvi, wosalankhulalankhula, amene paunyamata wawo anagwirapo ntchito m'mafamu a fodya ku Halale. Tonse tinkangowatchula kuti atate a kukhola.

Nkhalango ija ndinkaiopa kwabasi. Ponditsanzika amayi anandiuza kuti boma linachotsa anthu mmenemo pamene linkaika malire, koma akufa awo linawasiya, ndiye ndisamayendemo mwachisawawa. Kunalinso mphekesera masiku amenewo, yoti m'nkhalango za boma mumabisala anthu ogwira anzawo n'kuwapopa magazi, ndipo ena ankati alonda ovala khaki ndiwo amawalondolera njira. Ndikuchita manyazi kunena, tsiku lina amuna anga atachoka ndinapisa m'chikwama chawo cha kuntchito. Ndinapezamo wezulo, kabuku ndi pensulo yothyoka. Kavaloyo ndiye sindinkafuna n'kumuona komwe. Popita kuchitsime ndinkazungulira kutali ndi khola, chifukwa akamina mphuno zake mtima wanga unkalumpha. Nkhuni ndinkatola zakumbali kwenikweni, pamene ndikatembenuka ndinkaona denga la nyumba yathu.

Chaka chimenecho mu Okotobala ndinali ndi pakati pa miyezi isanu, ndipo mwana anali atayamba kugunda. Ndinkalakalaka kwathu moti nthawi zina ndinkangolira ndikusinja. Lamulungu lina titatha mapemphero pansi pa mkuyu, amuna anga anatulutsa njinga yawo, imene anabwera nayo kuchokera kumigodi, n'kuyamba kupopa.

"Lero tiyeni mukaone kumene ndimagwira ntchito," anatero. "Pamwamba pa phiri pali nsanja imene timaonerapo moto. Mukaima pamenepo, ku Zemba kumaoneka."

"Kumaoneka nyumba zenizeni?"

"Nyumba ayi, koma mitengo ya mango ya kwanu ndikulozerani. Simungakhale chaka chonse mukuopa mitengo. Tibwerako dzuwa lisanapendeke."

Akanati tikatole masuku ndikanakana. Koma atatchula ku Zemba ndinalowa m'nyumba n'kumanga nsalu yanga yatsopano, kutenga chipanda cha madzi ndi mbatata zophika.

Njinga ndinali ndisanakwerepo. Anandikhazika chammbali pa keliyala, atayalapo chiguduli, n'kundiuza kuti ndigwire lamba wawo, mapazi ndisayandikize ku tayala. Poyamba ndinatseka maso. Njira inali yopapatiza, yolambulidwa ndi alonda okhaokha, ndipo mizu ya mitengo inkatidumphitsa. Kenaka ndinazolowera n'kuyamba kuyang'ana. Mitengo ya mombo inali itaphuka masamba ofiira ngati yapakidwa magazi, pansi pali udzu wouma wofika m'chiuno, pena wopitirira munthu. Nyenje zinkalira mosalekeza mpaka m'makutu kuwawa. Amuna anga ankatchula mitengo tikamadutsa, uwu ndi mlombwa, uwu muwanga, uwu boma silifuna kuti munthu augunde ndi nkhwangwa. Ine ndinkangoyankha kuti eya, maso ali m'tchire.

Tinadutsa pa bwinja lina. Panali mitengo ya mango itatu, mphero ya mwala ndi mtondo wowola utagona chammbali. Chapatsogolo panali msitu wothithikana wa mitengo ikuluikulu, ndipo sindinafunse kuti n'chiyani. Amuna anga anatsika pa njinga, kuvula chipewa, ndipo tinadutsa wapansi osalankhula.

Patsinde pa phiri tinayedzamitsa njinga pa mtengo wa msuku n'kuyamba kukwera. Panali potsetsereka, pamiyala, ndipo ine ndinalibe nsapato. Ndinkapuma pafupipafupi. Anyani anatikuwa ali pa mwala, wamkulu wawo akutiyang'ana ngati watidziwa. Titafika pamwamba dzuwa linali pamutu. Nsanja ija inali ya mitengo yomanga ndi waya, yamakwerero, koma ine anandiletsa kukwera. Tinaima pa mwala waukulu, ndipo anandilozera.

"Mukuona kaphiri ako kooneka ngati nyumba? Kumanzere kwake, pamene pakuda apo."

Kunali chifunga cha chilimwe, ndipo chimene ndinaona ndi kadontho kakuda chabe. Komabe ndinakayang'ana nthawi yaitali, ndikuganiza kuti mwina amayi ali pansi pa mitengoyo akusenda nshawa. Tinakhala pansi n'kudya mbatata. Mwana anagunda kawiri, ndipo ndinatenga dzanja la amuna anga n'kuliika pamimba. Anaseka. Kenaka anati akwere pansanja pang'ono, poti afika kale.

Anakhalitsako. Nditayang'ana m'mwamba ndinaona ataphimba maso ndi dzanja, akuyang'ana kum'mawa, mbali imene tinachokera. Anatsika mofulumira, akudumpha makwerero ena.

"Nyamukani tizipita."

"Kwagwanji?"

"Kuli utsi. Uli kutali, koma mphepo ikubwera kuno."

Nditaimirira ndinauona. Sunali utsi wa munthu wotentha m'munda, woongoka n'kuzimiririka. Unali wotambalala, woyera pamwamba, wakuda pansi, utapendekera kwa ife. Pamwamba pake akabawi ankazungulira.

Kutsika kunali kovuta kuposa kukwera. Amuna anga anandigwira pamkono, ndipo ndinamva kuti dzanja lawo lanyowa. Ankandiuza popondapo. Pofika pa njinga fungo la utsi linali litatipeza, ndipo timaphulusa takuda ta udzu tinkagwa pang'onopang'ono pa nsalu yanga. Nyenje zinali zitasiya kulira.

"Njira yakwathu yatsekeka," anatero. "Tizungulira chakumadzulo, tikatulukire kumsewu wotchinga moto. Gwirani zolimba, ndithamangitsa."

Msewu wotchinga moto unali mzere waukulu umene alonda ankalima chaka ndi chaka kuzungulira nkhalango, kuti moto usadumphe. Amuna anga anapalasa ataimirira, njinga ikugwedezeka uku ndi uku, ine nditakumbatira chiuno chawo. Kanjira kameneka kanali kosalambula, udzu unkandimenya m'miyendo. Gwape anatuluka m'tchire n'kudutsa patsogolo pathu, osatiopa n'komwe, kenaka nguluwe ndi ana ake. Ziwala zinkatigunda kumaso.

Pamene tinagwera panali potsetsereka polowa m'khwawa louma. Tayala lakutsogolo linatitimira mumchenga n'kugunda mwala, ndipo ndinangozindikira ndili pansi chammbali, mwendo uli kunsi kwa njinga. Mpweya unandithera. Amuna anga anadzuka magazi akutuluka pachigongono, kuchotsa njinga n'kundidzutsa. Nditaponda ndi phazi lamanzere ndinabwerera pansi. Linali litabinya, ndipo linayamba kutupa ndikuliona. Tayala la njinga linali litapindika ngati lichero lakale.

"Pamimba?" anafunsa.

"Sindikudziwa. Ndagwera chammbali."

Anayang'ana njinga ija kanthawi, kenaka anaikankhira kumbali n'kugwada kuti andibereke. Kubereka munthu wapakati n'kovuta. Mimba inkatsamira pamsana pawo, ine ndikuyesa kudzibweza, iwo akupepesuka. Tinatuluka m'khwawamo, chifukwa linali lopapatiza ndipo mbali zonse munali tsekera wouma wopitirira mutu. Tsopano moto tinkaumva. Phokoso lake linali ngati la mvula ya matalala ikamabwera patali, ndipo mkati mwake nsungwi zinkaphulika. Dzuwa linasanduka lofiira, loti munthu n'kuliyang'ana osaphethira.

Atayenda pang'ono ananditsitsa n'kuyamba kupisa m'matumba. Ankafuna kuyatsa moto wawo kuti utenthe malo oti tiimepo, monga mmene alonda amachitira akatsekeredwa. Anapisa kawiri konse. Machesi anali m'thumba la malaya a khaki, amene anawasiya pa msomali poti linali Lamulungu. Nkhope yawo pa nthawi imeneyo sindinaiiwale. Mpaka pamenepo ndinkati iwo ndi mlonda, akudziwa chochita. Nditaona nkhope imeneyo ndinadziwa kuti tikhoza kufa. Ndinayamba kupemphera, koma mawu a pemphero limene ndinkalidziwa kuyambira ubwana anandisokonekera, ndinkangobwereza mzere woyamba.

Anandiberekanso. Utsi unali utachuluka moti mitengo yapafupi yokha ndiyo inkaoneka. Tonse tinkatsokomola, misozi ili chuchuchu. Ndiye ndinamva mgugu kumanja kwathu, chinthu cholemera chikuponda pansi. M'utsimo munatuluka chinyama chachitali, chopanda nkhope, mutu wake utakulungidwa nsalu, patsogolo pake pali munthu wosavala malaya. Nkhani zonse zimene ndinamva ku Zemba zinandibwerera nthawi imodzi. Ndinakuwa n'kubisa nkhope pakhosi pa amuna anga.

"Ndi atate a kukhola," anatero amuna anga. "Khalani chete, mudzidzimutsa kavalo."

Anali iwodi. Mmawa umenewo anapita ndi kavalo kudambo lina la m'kati mwa nkhalango kumene kunali kadali msipu wauwisi, ndipo moto unawatsekera monga ife. Malaya awo anamanga nawo kavalo kumaso kuti asaone malawi. Anatiyang'ana, kuyang'ana phazi langa, kenaka mimba.

"Mukulowera kuti?" anafunsa.

"Kumsewu wotchinga moto."

"Simukafika. Moto wazungulira kale chakumunsi, ndachokera komweko. Tiyeni kuthanthwe la anyani. Akwezeni apa mayiwa."

Amuna anga anazengereza. "Atate, kavalo uyu ngwa bwana. Akamva kuti pakwera munthu wakuda, ntchito yatha, yanu ndi yanga yomwe."

"Bwana ali ku Jemusoni. Akwezeni."

Ine ndinakana. Chinyama chija chinali pafupi moti ndinkamva fungo la thukuta lake, khungu lake likunjenjemera lokha, miyendo ikupondaponda. Ndinati andisiye ndikwawe, kapena amuna anga apitirize kundibereka. Atate aja anabwera pafupi n'kundilankhula motsitsa mawu, ngati palibe chimene chikutithamangitsa.

"Mwana wanga, simuli nokha, muli awiri. Winayo simunamufunse ngati akufuna kukwawa. Kavaloyu nayenso akuopa ngati inu. Sakulumani."

Anandinyamula awiriwo n'kundiika pamwamba. Panalibe chishalo, panali chiguduli chokha. Ndinafuna kukhala chammbali ngati pa njinga, koma atate anati ayi, ndingagwe, nditaye mwendo mbali inayo. Nsalu yanga inakwera mpaka m'mawondo, ndipo iwo anayang'ana kumbali. Pansi panaoneka patali ngati ndili pa denga la nkhokwe. Anandigwiritsa ubweya wautali wa pakhosi pa kavaloyo n'kunena kuti ndiukulunge m'zala, ndiwerame, ndisasiye ngakhale zitavuta bwanji.

Tinanyamuka. Atate ankathamanga patsogolo atagwira chingwe pafupi ndi kukamwa, amuna anga pambali atagwira mwendo wanga wabwinowo. Kavalo akaponda, thupi langa lonse linkadumpha n'kubwerera pa fupa la msana wake, ndipo ululu wa phazi unkafika mpaka m'chiuno. Ndinkaopa kugwa, ndinkaopa moto, komanso ndinkaopa kuti kudumphadumpha kumeneku kundichotsera mwana. Atate ankamulankhula kavaloyo mosalekeza m'chilankhulo cha kumafamu chimene sindinkachimva, mawu awo ofewa ngati otonthoza khanda.

Ndinatembenuka kamodzi kokha. Moto unali utafika pa khwawa lija. Malawi ankakwera kupitirira mitengo ing'onoing'ono, ndipo mphepo inkanyamula zidutswa za udzu woyaka n'kuziponya patsogolo, pamene zagwerapo n'kuyamba moto wina. Chidutswa china chinagwera kavalo chakumchira. Analira kulira kumene ndinali ndisanakumvepo, n'kuimirira ndi miyendo yakumbuyo. Ndinatsetsereka, nkhope yanga n'kugunda khosi lake, koma zala zinali zitakola mu ubweya muja. Atate analendewera pa chingwe ndi thupi lawo lonse mpaka kavaloyo anatsika, amuna anga akuzima mchirawo ndi chipewa. Tinapitirira.

Thanthwe la anyani linali mwala umodzi wotambalala, waukulu ngati bwalo la sukulu, wopanda udzu kupatula m'ming'alu. Ziboda za kavalo zinkaterereka pamwalapo, ndiye atate anamuyendetsa pang'onopang'ono mpaka pakati. Pamenepo panali mng'alu wokhala ndi timadzi tobiriwira tonunkha. Ananditsitsa. Amuna anga anavula malaya, kuwaviika m'timadzimo n'kundiphimba nawo kumutu, ndipo anandigoneka chammbali nkhope ili pafupi ndi mwala, kumene utsi unali wochepa. Iwo anagona mbali yochokera moto, atanditchinga. Atate sanagone. Anaima atakumbatira mutu wa kavalo pachifuwa pawo.

Sitinali tokha pathanthwepo. Nditasuzumira pansi pa malaya ndinaona insa itaima chapafupi, ikupuma mofulumira, ndi abuluzi ambirimbiri. Patsogolo pang'ono njoka yaitali yotuwa inali itatambalala pamwala. Ndinawagwira amuna anga n'kuwalozera. Anati ndingokhala chete, nayonso yathawa.

Moto unafika mbali ziwiri nthawi imodzi. Kunada ngati kukubwera mvula, ndipo kutentha kwake kunali ngati munthu wayandikiza nkhope pa ng'anjo yootchera njerwa. Mpweya umene ndinkakoka unkawotcha pakhosi. Mwala umene tinagonapo unali wotentha kale ndi dzuwa. Phokoso linali lalikulu moti amuna anga ankandilankhula kukhutu koma sindinkamva. Ndinaganiza za amayi, kuti adzamva bwanji, ndipo adzabwera ndani kudzatola mafupa athu m'nkhalango imene anandiletsa. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Mwina inali yofanana ndi yophika ndiwo zamasamba, koma kwa ine inali yosatha.

Kenaka phokoso linayamba kupita kutsogolo, ndipo mphepo inabweretsa kampweya kopumika. Tinadzuka. Nkhalango imene tinadutsamo mmawa inali yakuda yonse, utsi ukufuka pa zitsa, mitengo youma ikuyaka m'mwamba ngati miuni. Insa ija inali itachoka, njoka sindinaione kumene inalowera. Atate anamasula malaya kumaso kwa kavalo. Pamapewa pawo ndi pamsana panali matuza, ndipo imvi za mbali imodzi zinali zitawauka. Anatunga timadzi tija ndi manja n'kumupukuta kavalo m'mphuno, kenaka anakhala pansi n'kutsokomola nthawi yaitali.

Apo m'pamene ndinazindikira kuti chigwereni m'khwawa muja mwana sanagunde. Ndinaika manja pamimba n'kudikira. Ndinasintha kakhalidwe, ndinakanikiza pang'ono pamene ankakonda kugunda. Kunali zii. Amuna anga anandiona.

"Ali bwanji?"

"Ali chete."

Anatenga chipanda chija, chimene chinali chikadali m'khosi mwawo, n'kundipatsa madzi otsala, ndipo ndinamwa pang'ono n'kupatsira atate.

Tinadikira kuti pansi pazizireko. Dzuwa litapendeka atate anati tiyenera kunyamuka, chifukwa mitengo yopsa imagwa usiku ndi usana womwe, koma usana umaiona. Anandikwezanso, ndipo ulendo uno sindinakane. Tinayenda pang'onopang'ono pa lupsa, phulusa likufuka pamene kavalo waponda. Amuna anga anali ndi nsapato za kuntchito, atate anali ndi za matayala, ndipo kangapo konse anaima n'kuzivula kuti akutumule makala. Nthambi ina yaikulu inagwa patsogolo pathu n'kumwaza moto, kavalo n'kubwerera m'mbuyo, koma atate anamugwira. Tinadutsa kamba atapsa m'chigoba chake. Ine maganizo onse anali pamimba. Kavalo akaponda ndinkati mwina ndi mwana wagunda, kenaka n'kuzindikira kuti ayi.

Moto unali utaima pa msewu wotchinga uja, mbali ya kunyumba. Alonda awiri, anzawo a amuna anga, anali komweko ndi nthambi zauwisi, akuzima pamene unadumpha. Tisanafike poonekera, pa kamtsinje kouma, atate anaimitsa kavalo.

"Tsikirani pano. Kuyambira apa akuberekani amuna anu. Anzathuwa ndi anthu abwino, koma pakamwa sipamangidwa."

Ndinafuna kuwathokoza mwa mwambo, koma sindikanatha kugwada. Ndinangowomba m'manja ndili pamsana pa amuna anga. Atate anagwedeza mutu n'kulowera njira ina ndi kavalo wawo, kuti tisafikire pamodzi.

Akazi a mlonda wamkulu, amene tinkawatcha amayi aakulu, anali mayi wa ana asanu ndi mmodzi. Anatulutsa amuna m'nyumba, kutenthetsa madzi, kundithowa phazi n'kulimanga ndi nsanza. Kenaka anandigoneka chagada n'kuyamba kupapasa pamimba, n'kuika khutu. Anafunsa ngati ndaona magazi, ndinati ayi. Anafunsa ngati msana ukupweteka modukizadukiza, ndinati ukungowawa wonse.

"Nayenso wachita mantha, wabisala," anatero. "Tidikire. Akapanda kumveka pofika Lachitatu, tikunyamulani pa machira kupita ku chipatala ku Chadiza."

Ankalankhula molimbitsa mtima, koma ndinawamva panja akuuza amuna anga kuti akadule mitengo iwiri ya machira, ikhale pafupi.

Lolemba lonse ndinagona pa mphasa manja ali pamimba. Sindinkafuna kudya. Ndinkadziimba mlandu kuti ndinaika mwana pangozi chifukwa chofuna kuona kadontho kakuda patali. Amuna anga nawo ankadziimba mlandu wawo, ndipo tinkalephera kuyang'anana. Ankalowa, kuima pakhomo, n'kutulukanso. Mitengo ya machira ija anaiyedzamitsa kuseri kwa nyumba kuti ndisaione, koma ndinamva akuisema.

Lachiwiri masana amayi aakulu anandikokera pakhonde, nati munthu sachira ndi kugona, n'kundiikira lichero la nshawa pamiyendo kuti ndizisenda. Ndinasenda mosafuna. Ndili mkati mosenda ndinamva kanthu kakang'ono chakumanzere, ngati nsomba yatembenuka m'madzi. Ndinasiya kupuma. Patapita kanthawi kanabweranso, kenaka kugunda kwenikweni, moti lichero linagwedezeka. Sindinathe kuitana munthu. Ndinangoyamba kulira, ndipo amayi aakulu anabwera akuthamanga poganiza kuti zavuta. Ataika dzanja anaseka n'kutuma mwana wawo wamkazi kuti akaitane amuna anga kumsewu wa moto. Anabwera ndi khasu m'manja, kukhala pansi pafupi nane, n'kugwira kumaso.

Mantha ena anali akadalipo. Patatha masiku asanu bwana anafika pa galimoto. Anazungulira malo opsawo, ndipo zinadziwika kuti moto unayamba ndi anthu ofula njuchi amene analowa mobisa. Anaitana alonda mmodzimmodzi. Amuna anga ananena kuti anali paphiri, anaona utsi, ndipo moto unawatsekera pobwerera. Sananame, anangosiya zina. Kenaka bwana anapita kukhola. Ndinali pakhonde, ndipo ndinamuona akugwira mchira wowauka uja, akusisita pamene ubweya unapsa, akufunsa mafunso. Atate anaima manja ali kumbuyo, akuyankha mwachidule. Bwana anawavulitsa malaya n'kuona matuza aja, ndipo anakatenga mankhwala opaka m'galimoto n'kuwapatsa.

Pobwerera anadutsa pakhomo pathu. Anaima n'kuyang'ana phazi langa lomanga nsanza, kenaka nkhope yanga. Anandipatsa moni m'Chinyanja chake chopotoka, ndinayankha maso ali pansi, ndipo anapita. Kwa milungu ingapo ndinkati kukabwera mtengatenga wa boma, mtima unkagunda kuti wabweretsa kalata yochotsa amuna anga ntchito. Kalatayo sinabwere. Ngati bwanayo anadziwa kapena ayi, sindinganene.

Njinga anakaitenga patapita sabata, itatsala zitsulo zokhazokha. Anaipachika pa mtengo kuseri kwa nyumba, akuti adzaikonza, ndipo inakhala pamenepo mpaka tinasamuka.

Mwana anabadwa mu Febuluwale mvula ikugwa, wamkazi, wathanzi. Titatuluka m'chikuta atate a kukhola anabwera kudzamuona. Anakhala pansi chapatali, ndipo nditafuna kuwapatsa kuti amunyamule anakana, akuti manja awo ngokhakhala, angamukande. Anamuyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti ali ndi chipumi cha atate ake. Anasiya mazira anayi a nkhanga pa mphasa n'kubwerera kuntchito yawo.

Chaka chotsatira bwana uja anasamutsidwa, ndipo amene anabwera m'malo mwake ankayenda pa njinga yamoto. Kavalo anayenera kupita ku Jemusoni wapansi, ulendo wa masiku atatu, ndipo omuperekeza anali atate omwewo. Ndinawakazingira nshawa n'kuwamangira ufa pa kansalu. Ananyamuka mmawa kukadali mame, mtolo uli pamutu, chingwe chili m'manja. Tinawaperekeza mpaka pa mkuyu, mwana ali kumsana. Anatiuza kuti akakapereka kavaloyo adzabwerera kudzatenga mphasa ndi mphika wawo, koma sanabwerenso. Patapita nthawi tinamva kwa woyendetsa galimoto ya boma kuti anapitirira kwawo, kutsidya kwa malire, kumene anali ndi mlongo wawo.